Abusa, Dona ndi Nsanja ya ku Dambo

Sixten Molander anawombera mphalapala yake Lachiwiri m'mawa ali pansanja ya ku dambo la Kroken, ndipo chinyamacho chinakapezeka Lachinayi masana, kutsidya kwa mapiri awiri, agalu atatupa mapazi, alenje asanu ndi atatu atatukwana mpaka kutherwa mawu.

Chipolopolo choyambacho sichinali choipa kwenikweni. Chinangolowa kumbuyo pang'ono, cha kunthiti zomalizira. Chinyama chija, cha mphuno yolendewera ndi nyanga ngati mafosholo awiri, chinaima kaye njoo, kudabwa, chitapereka mbali yonse ngati chitseko cha tchalitchi. Mlenje wina aliyense akanakoka mpiringidzo wa mfuti, kulowetsa chachiwiri, n'kutseka nkhani. Sixten anaukokadi mpiringidzowo. Koma chigoba chitauluka, n'kugunda thabwa ngwee, n'kugwera pansi mu ndere, maso ake anatsata chigoba. Pamene Gunvor Edholm, mkulu wa gulu la alenjewo, ankafika wefuwefu ndi galu wake, anapeza mfuti ili pamwamba pa nsanja, mwini wake ali pansi chogwada, matako kumwamba, akupalasa ndere ndi zala.

"Nyama ili kuti, Sixten?"

"Usaponde apo! Iwe Gunvor, usaponde, chagwera chapompano!"

Sixten sanali wamisala ayi. Anali mdala wa zaka makumi asanu ndi awiri, woyendetsa basi wopuma pantchito, wosamwa mopyola, wosamenya mkazi. Nthenda yake inali imodzi. Kwa zaka makumi anayi anali asanaikepo chipolopolo cha m'sitolo m'mfuti yake. Ankapanga zake m'chipinda chapansi pa nyumba. Chigoba cha mkuwa chikalira kamodzi, iye ankachitsuka, kuchipana m'chikombole kuti chibwerere mwakale, n'kuikamo kachitsulo koyatsira, onga ndi mutu watsopano. Chigoba chabwino chimalira ngakhale kakhumi. Chimene chinagwera mu ndere tsiku limenelo chinali chitangolira kachinayi, ndipo kwa Sixten kuchisiya kunali ngati kutaya m'tchire mwana wongoyamba kumene kuyenda.

Uzimba wa chaka chimenecho utatha, gulu linakumana m'shedi yosendera nyama, momwe munkanunkhabe magazi ndi khofi wopserera. Gunvor anali namwino wopuma pantchito. Anabayapo jakisoni pamatako a pafupifupi mwamuna aliyense m'chigwamo, choncho panalibe amene akanamuopseza ndi ndevu.

"Sindichulutsa gaga m'diwa," anatero. "Loweruka lomaliza la Ogasiti, Sixten akaima pabwalo loyeserera, kutsogolo kwa mphalapala ya thabwa ija yothamanga pa njanji. Zipolopolo zinayi. Ikaima, ikathamanga, ikaimanso, ikathamanganso. Zonse zinayi pachifuwa. Ndimupatsa mwayi katatu. Akalephera, pansanja ya ku dambo achokapo."

"Ndiye pakwera ndani?" anafunsa Valfrid Sundkvist, mwini sitolo ya mfuti ndi mbedza m'tauni, akuyang'ana kudenga ngati akufunsira mnzake.

"Wotsatira pamzera."

"Aa, kodi ndiye kuti ndine? Taonani, ine sindimadziwa n'komwe."

Amadziwa. Anakhala akudziwa kwa zaka khumi ndi zisanu. Nsanja ya ku dambo ndi yomwe nyama zonse zothawa agalu zimadutsirapo, dzuwa la m'mawa limafikapo loyamba, ndipo galimoto imaima pafupi moti mapazi sanyowa. Wochotsedwapo ankatumizidwa kunsanja ya pansi pa mawaya a magetsi, komwe m'zaka khumi chinadutsako chinthu chimodzi chokha, mlendo wa panjinga wosochera amene ankafunsa njira ya ku Norway.

"Nsanja imene ija anamanga ndi bambo anga," anatero Sixten.

"Bambo ako ankawombera kawiri," anayankha Gunvor. "Ndipotu ankakhala atamwa. Taganiza bwino pamenepo."

Sixten anaganizadi. Anaganiza mpaka Khirisimasi, ndipo tsiku lina mkazi wake Majvor akusenda mbatata kukhitchini, iye analowa ndi nkhope ya munthu amene waona masomphenya.

"Ndaliona vuto."

"Nanenso ndaliona. Laima pakhomo, likunditchingira kuwala."

"Tamvera, mayi. Chipolopolo choyamba chikanapita pomwe ndinachituma, chachiwiri chikanafunika? Sichikanafunika. Nanga chinapatuka bwanji? Chinali chopendama. Chinapendama bwanji? Chopanira zigoba changa chija. Chimalola chikombole chimodzi basi. Ndimange ichi, ndimasule, ndimange china, ndimasule. Pomanga ndi pomasula ponsepo m'pamene Satana amalowera."

"Satana akulowera m'zala zanu zotolatolazo, bambo. Mukanakhala nkhuku bwenzi titakudyani kalekale."

"Ndikufunika chopanira cha mutu wozungulira."

"Mukufunika kupita kubwalo kukaphunzira kuwombera kawiri."

Koma Sixten anali akuvala kale chijasi.

Valfrid anamulandira ngati m'bale wochokera kunkhondo. Anamuthirira khofi, anamupatsa mpando wofewa, kenako anavundukula zopanira ziwiri zimene zinali pashelefu.

"Taona, achimwene. Zikombole zako zonse umazimanga pamwambapa nthawi imodzi. Ukamanga wamanga, mpaka imfa. Ukatha ntchito iyi, umangozunguza mutuwu, chikombole china chafika. Ichi chakudachi n'chitsulo chokhachokha, mabowo asanu ndi awiri, mutu umazunguza wekha ndi dzanja. Ichi chachikasuchi n'chopepuka, mabowo anayi, ukangotsitsa mpini mutu umatembenuka wokha."

Sixten anagwira mutu wa chakuda n'kuugwedeza. Unali nganganga. Anagwira wa chachikasu. Unagwedera pang'ono, pang'ono zedi, ngati dzino la mwana.

"Ichi chikugwedera."

"Ee, ndiye nzeru yaketu imeneyo. Akatswiri ena amati kugwedera kumeneko kumalola chigoba kudzipezera chokha pakati penipeni."

"Ndiye chabwino n'chachikasu?"

"Aa, koma enanso amati chitsulo cholimba sichinama."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

Valfrid anaika dzanja pachifuwa. "Ine ndinene chiyani pamaso pa munthu ngati iwe? Tenga zonse ziwiri. Kayesere kunyumba, udzabweze chimene chagonja. Usathamange, achimwene. Kusankha chopanira si kusankha mkazi. Mkazi ukalakwitsa umangozolowera."

Sixten anabwerera kunyumba akunena kuti anthu amamunamizira Valfrid, munthuyo mtima ali nawo. Majvor anasuzumira m'galimoto, anaona mabokosi awiriwo, n'kungoti, "Khoswe wapatsidwa misampha iwiri kuti asankhe."

Anazimanga zonse ziwiri patebulo la m'chipinda chapansi, china kumanzere china kumanja. Sabata isanathe zinali ndi mayina. Chakuda chija anachitcha Abusa, chifukwa chinali cholemera, chochedwa, ndiponso chosaseka. Chachikasu anachitcha Dona, chifukwa mwamuna aliyense akangochikhudza mutu unkatembenuka.

Apa m'pamene ntchito inayamba, ndipo katundu wa Majvor anayamba kutsika pansi mmodzimmodzi. Choyamba chinali galasi la kuchipinda chogona. Sixten analigoneka patebulo, n'kumagubuduza chipolopolo chilichonse pamwamba pake, tsaya lili pagalasi, diso limodzi lotsinzina, kuona ngati kansonga kakuvina. Kenako kanatsika kachitsulo kozulira nsidze, koti azitolera onga kambewu kamodzikamodzi poika pasikelo. Kenako utoto wa zikhadabo. Chigoba chilichonse chotuluka mwa Abusa ankachidontheza kadontho kakuda kumatako, cha Dona kachikasu. Wachikasuwo Majvor analibe, ndipo Sixten anakagula yekha m'tauni, n'kuuza mtsikana wa m'sitolo kuti ndi wa Dona. Nkhani imeneyo inayenda m'chigwa chonse masabata atatu, ndipo Majvor anailekerera dala kuti iyende.

Mwezi wa Malichi, Abusa anali patsogolo. Mwa zipolopolo makumi asanu, zovina pagalasi zinali zitatu zokha, pomwe za Dona zinali zisanu. Sixten anali atatsala pang'ono kumasula Dona pamene Valfrid anatulukira ndi mabanzi a sinamoni m'pepala.

"Galasi ndi galasi, achimwene. Kodi nyama imafa ndi galasi? Ukaziyese pachandamale."

Chipale chofewa chitasungunuka, Sixten anayamba kupita kudzenje lakale lokumba miyala kuseri kwa mudzi. Ankagoneka mfuti pamatumba a mchenga, iye n'kukhala pampando. Kuwombera kamodzi. Kukoka mpiringidzo pang'onopang'ono, chikhatho chili tcheru, chigoba n'kugwera m'manja chisanaone fumbi. Kuchitembenuza, kuchiyang'ana kumatako, kuchinunkhiza, kuchiika m'kabokosi. Kenako kudikira mphindi zisanu kuti mfuti izizire, akumwa khofi wa m'fulasiki. Anachita zimenezo kokwana mazana anayi. Dzanja lija linali lozolowera kale kuwakha, koma tsopano linafika pa ukatswiri.

Ndipo kudzenjeko Dona anapambana. Mabowo ake asanu ankakwana pansi pa chivindikiro cha botolo, pomwe a Abusa ankatulukira m'mbali pang'ono. Sixten anathamangira kusitolo ndi pepalalo.

"Hmm," anatero Valfrid akuliyang'ana pawindo. "Kunali mphepo?"

"Pang'ono."

"Za Abusa unawombera m'mawa kapena masana?"

"Masana."

"Basi. Kwatentha, onga umasintha mtima. Sunawachitire chilungamo Abusa. Ine ndikanakhala iwe ndikanayambiranso."

Anayambiranso. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi amagwa tsiku limodzi. Sixten anagwa miyezi isanu ndi iwiri, akulemba m'kabuku.

Mu Julayi, udzudzu uli pachimake, Gunvor anadutsa kudzenjeko ndi galu wake. Anaima kumbuyo kwake nthawi ndithu, kuonerera mwambo wonse, kuwombera, kuwakha, kununkhiza, khofi.

"Bwalo limatsegulidwa Lachinayi lililonse, Sixten. Sindinakuonekotu."

"Ndibwera ndikangosankha. Kwatsala pang'ono. Taona mabowo awa."

"Okongola. Pepala limeneli lafa ndithu, silidzukanso. Linali kuthamanga?"

"Iwe sumvetsa za zipolopolo."

"Ndimvetsa za kuyenda masiku awiri m'matope kutsata magazi. Ndinakhala nawe benchi imodzi kusukulu, Sixten, sindikufuna kukutumiza kumawaya. Koma ndikutumiza."

Loweruka lomaliza la Ogasiti linafika asanapondeko kubwalo ngakhale kamodzi. Anthu anadzaza ngati pali ukwati. Kumabwalo amenewa nthawi zambiri kumapezeka amuna asanu ndi galu mmodzi, koma tsiku limenelo kunabwera ngakhale anthu amene sadya nyama. Majvor anali m'kanyumba ka khofi, akugulitsa zitumbuwa zopyapyala zopaka jamu, ndipo anali atauza kale aliyense kuti mdala wa chipewa chobiriwirayo sakumudziwa. Valfrid anabwera atavala nsapato zatsopano za m'dambo.

Patali, masitepe makumi asanu ndi atatu, mphalapala ya thabwa inatulukira kuseri kwa khoma n'kuima. Munthu wowerenga mabowo anali m'dzenje pansi pa njanji, ndipo mawu ake ankamveka pa wailesi imene Gunvor anakolowekera pachifuwa.

Sixten anatsegula kabokosi kake. Anatenga chakuda, chachikasu, chakuda, chachikasu, n'kuzilowetsa motsatana chomwecho. Anali ataganiza kuti popeza awombera ndithu, bwanji mayesowa asathetsenso mlandu wa Abusa ndi Dona.

"Wakonzeka?" anafunsa Gunvor.

"Ndinabadwa wokonzeka."

Phuu! Mphalapala inanyamuka pa njanji, kulowera kumanzere. Sixten anakoka mpiringidzo mwaulemu, chigoba chinagwera m'chikhatho, anachitembenuza, anaona kadontho kakuda, anaona kuti kachitsulo koyatsira kaphwanyika bwino pakati penipeni, anagwedeza mutu mokhutira. Atadzutsa maso, njanji inali yokhayokha.

Kenako munthu wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti, "Chili bwanji, a Molander? Chachimuna kapena chachikazi?" Bwalo lonse linagwa nacho chiseko.

"Mwayi woyamba wapita," anatero Gunvor.

Ulendo wachiwiri Sixten analuma mano. Anadziuza kuti dzanja ndi lake, iye si wa dzanja. Phuu! Anakoka mpiringidzo mwamphamvu, chigoba chinauluka, chinagwa pasimenti, ngwee, ngwee, n'kuyamba kugubuduka. Iye analowetsa chachiwiri, mfuti paphewa, diso pa chinyama chothamanga. Koma khutu linali pasimenti. Linkamva chigoba chikugubuduka, chikupita, chikupita kumene kunali kangalande ka madzi kotchinga ndi zitsulo. Mwendo wakumanja unanyamuka wokha, unatambasuka ngati wa wovina, n'kuchiponda pang'ono pamphepete penipeni pa ngalande. Mfuti inalira iye ataima ndi mwendo umodzi.

Wailesi inakhosomola. "Choyamba pachifuwa, chabwino kwambiri. Chachiwiri... Gunvor, pali ana pamenepo?"

"Nena."

"Chalowa pamene dokotala wa ng'ombe amalowetsa mkono."

Valfrid anaseka mpaka fodya wake wobwira anathawa pansi pa mlomo. Kenako anakumbukira udindo wake, anapukuta pakamwa n'kufika pafupi. "Chinali cha Dona chimenecho, eti? Ndiye waonatu. Koma usaweruze ndi chimodzi."

"Tipume kaye," anatero Gunvor. "Kamwe khofi, Sixten. Watsala ndi mwayi umodzi."

Sanapite kukhofi. Anazungulira kuseri kwa kanyumba n'kukhala pachitsa, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Kwa nthawi yoyamba chiyambire uzimba wa Okutobala uja, anaiona nsanja ya ku mawaya bwinobwino m'maganizo mwake: matabwa onyowa, mawaya akulira pamwamba, iye atakhala kuyambira mbandakucha mpaka madzulo akumva mfuti ya Valfrid ikulira ku dambo, pamatabwa amene bambo ake anakhoma, pomwe panali kamphako kamene chigongono chake chinakumba m'zaka makumi anayi. Anayang'ana dzanja lake lamanja. Linali gone pabondo ngati galu amene waba nyama ndipo akudziwa kuti abanso.

Pansi pa mgolowo panali zigoba zambirimbiri zotayika, zotuwa ngati phulusa. Anaziona kalekale atangokhala, koma tsopano m'pamene anazindikira chinthu chachilendo. Anali atakhala pafupi nazo mphindi zisanu, ndipo sanatole ngakhale chimodzi.

Zinali za chitsulo wamba, za zipolopolo zotchipa zoyeserera zija zimene zimabwera m'makatoni. Zimalira kamodzi basi. Sizilowa m'chikombole, sizidzazidwanso, ngakhale otola zitsulo sazifuna. Sixten anatola chimodzi ndi zala ziwiri, anachiponya m'mwamba, n'kuchisiya chigwe. Chinagwa. M'mtima mwake munali zii. Anatulutsa cha mkuwa m'thumba, anachiponya m'mwamba, anadziuza kuti achisiye. Dzanja linachiwakha asanamalize n'komwe kudziuza.

Anayesanso kawiri. Kenako anatukwana mawu amene sanawatulutsepo ngakhale ali pabasi yodzaza ana asukulu, n'kudzuka.

Gunvor anali pakhomo pa kanyumba ka khofi, jamu ali pachala.

"Gunvor," anatero chapansipansi. "Zinyalala zotuwa zili kuseriko n'za ndani?"

"Zanga. Ndimayeserera zimenezo. Bwanji, ukufuna kundilalikira?"

"Zilipo zotsala?"

Gunvor anasiya kutafuna. Anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Sindinamve. Khutu ili linagontha ndi mfuti."

"Ndati zilipo zotsala?"

"Zotsala za chiyani? Kweza mawu, mdala."

"Ndibwereke zipolopolo zinayi za m'sitolo!"

Bwalo lonse linamva. Munthu wina anagwetsa kapu. Majvor anatulutsa mutu pawindo, chopalira chili m'manja. "Ameneyo ndiye mwamuna wanga," analengeza. "Uja wa poyamba sindikumudziwa."

Valfrid anafika akuthamanga, nsapato zatsopano zikulira. "Sixten! Achimwene! Wapenga? Zaka makumi anayi! Uike zimenezo m'mfuti ya bambo ako? N'zopendama ngati miyendo ya mpando wa kumowa. Onga wake amathira ndi fosholo. Uli ndi zipolopolo zowongoka kuposa za munthu aliyense m'dziko muno, ndiye uzisiye m'bokosi?"

Mawuwo analowa. Sixten anayang'ana kabokosi kake pabenchi, timadontho takuda ndi tachikasu tili ndandanda ngati ana a kwaya. Miyezi isanu ndi iwiri. Kambewu kalikonse ka onga anakatola yekha.

"Si iwe unandigulitsa katoni yonse," anatero Gunvor kwa Valfrid, "ukuti n'zabwino ngati zodula?"

"N'zabwino kwa iwe. Uyu ndi mmisiri."

"Mmisiri wa kumawaya," anatero Majvor ali pawindo.

"Komanso malamulo salola," anawonjezera Valfrid. "Munthu amayesedwa ndi zipolopolo zake."

"Malamulo ake ati? Malamulo ndine. Ndinati zinayi pachifuwa. Kaya aziponya ndi legeni."

Anapita kugalimoto yake n'kubwera ndi kabokosi kapepala konyowa pangodya, kokhala ndi ubweya wa galu. Sixten anatenga zinayi. Mwachizolowezi anagubuduza chimodzi pabenchi, ndipo kansonga kake kanavina moti anatseka maso. Anazilowetsa m'mfuti osayang'ana, ngati munthu womwetsa mwana wake mankhwala owawa.

Mphalapala inatulukira n'kuima. Phuu! Mpiringidzo kumbuyo, kutsogolo. Chinachake chotuwa chinauluka pambali pa khutu lake n'kukagwa kwinakwake, ndipo kaya chinagwera m'ngalande kaya m'khofi wa munthu, iye analibe nazo kanthu. Chinyama chinali pakati pa njanji. Anachitsata, anadutsitsa mfuti patsogolo pa chifuwa, phuu! Chinalowa kuseri kwa khoma. Chinatulukiranso chitayang'ana kumanja, chinaima. Phuu! Chinanyamuka. Anachedwa pang'ono, mpiringidzo unalimba chifukwa chitsulo sichiterera ngati mkuwa, anaumenya ndi chikhatho, ndipo mphuno ya thabwa itayamba kale kubisala, phuu!

Gunvor anagogoda wailesi.

"Ndikuyeza chachinayi," anatero wa m'dzenje. "Chakhudza mzere. Chakhudza... ee, chili m'kati. Zonse zinayi pachifuwa. Koma zamwazikana ngati manyi a nkhosa, china uku china uko. Wawombera ndani, mlendo?"

Anthu anaomba m'manja. Sixten sanamve n'komwe. Anabwereka magalasi oonera patali, anayang'ana mabowo anayiwo, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wapambana mlandu koma woweruza wamutchula chitsiru. Pakati pa bowo lakumwamba ndi lakumunsi pakanakwana mbale ya msuzi.

Valfrid anali akuyang'ana nsapato zake. "Zopanira zanga ndizifuna Lolemba," anatero, uchimwene wonse utatha. "Kapena unene pompano chimene ukutenga."

"Abusa atsale."

"Chifukwa? Si paja Dona anapambana kudzenje?"

"Abusa sindingawakwezenso masitepe aja. Msana."

Majvor anaika chopalira pansi. "Miyezi isanu ndi iwiri ndikudzola mafuta poyang'ana pa ketulo, kuti nkhani idzathe ndi masitepe?"

Gunvor anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anakankhira kabokosi konyowa kaja m'manja mwa Sixten. Munali mutatsala khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Nsanja ndi yako. Koma mu Okutobala ukagule zosakira nyama za zigoba zotuwa zomwezi. Za mkuwa zitsale kunyumba."

"Nanga mazana aja ndapanga?"

"Uzizigubuduza pagalasi. Zimakoma kuonera."

Sixten anakanyamula kabokosiko ndi zala ziwiri ngati thewera. Anayenda masitepe atatu, anaima, ndipo Gunvor anaona pakhosi pake kuti mdalayo wapeza nzeru ina. Ku dambo kulibe mboni. Munthu amakwera yekha, amaika m'mfuti chimene wafuna.

"Chaka chino galu ndampatsa wina," anatero Gunvor kumbuyo kwake. "Mawondo anga atopa. Ndikhala nawe pansanja pomwepo, sabata yonse."

Sixten anatembenuka. "Nsanja ija ndi ya munthu mmodzi, iwe."

"Ndiye uyambe kuonda. Majvor, ameneyu usamupatsenso zitumbuwa."